Timizere Tadzadza Koma Intaneti Sikuyenda: Vuto Limakhala Pati?

Dandaulo lathu limakhala limodzi: "Netiweki yavuta." Timatero vidiyo ya pa YouTube ikaima n'kumangozungulira, timatero mawu a m'bale wathu wa ku Johannesburg akamadukaduka pa WhatsApp, timateronso mwana akalephera kutumiza ntchito ya kusukulu nthawi yake isanathe. Koma mawu awiriwa amavundikira matenda angapo osiyana, ndipo mankhwala a nthenda ina sachiza inzake. Ndinaonapo banja likugula rauta yatsopano pamene vuto linali bandulo. Ndinaonaponso munthu akusintha kampani ya intaneti kawiri konse pamene chomutsekereza chinali khoma la pakati pa balaza ndi chipinda chake chogona. Ndalama zotayika motere zimandiwawa, chifukwa nthawi zambiri chofunika n'kudekha kwa ola limodzi ndi foni yomwe munthuyo ali nayo kale m'manja.

Madzi akasiya kutuluka kubafa, munthu wodziwa nyumba yake sathamangira ku ofesi ya zamadzi. Amayamba watsegula mpopi wapanja, uja wa pafupi ndi mita. Madzi akatuluka bwino pamenepo, amadziwa kuti patsekeka ndi m'nyumba. Akamangodontha, vuto lili kumsewu. Intaneti ya panyumba nayo ili ndi magawo awiri omwewo. Gawo loyamba ndi ulendo wautali wochokera ku kampani kudzafika pa rauta, kaya ukudzera m'nthambo ya faiba, m'mafunde ochokera pa nsanja ya 4G, kapena pa mbale ya Starlink yomwe yakhala ikupezeka m'Malawi kuyambira 2023. Gawo lachiwiri ndi kaulendo ka mamita ochepa kochokera pa rauta kukafika pa foni kapena laputopu. Wi-Fi ndi gawo lachiwirili lokha. Timizere tija ta Wi-Fi ta pamwamba pa sikirini ntchito yake n'kusonyeza mmene foni ikumvera rauta basi, osati mmene rautayo ikulumikizirana ndi dziko lakunja. N'chifukwa chake bandulo ikatha, ngakhale mutachotsa SIM khadi mu rauta, timizereto timakhalabe todzadza. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndiye yambani ndi mpopi wapanja. Pemphani a m'nyumba azimitse kaye Wi-Fi pa mafoni awo, imani pafupi ndi rauta, tsegulani Speedtest ya Ookla kapena Fast.com ya Netflix, ndipo mulembe papepala manambala atatu: liwiro lotsitsira zinthu, lomwe pa sikirini limalembedwa kuti download, liwiro lotumizira, lolembedwa kuti upload, ndi ping, yomwe ndi nthawi imene kauthenga kamatenga kupita n'kubwerako, yowerengedwa m'mamilisekondi. Ngati laputopu yanu ili ndi pobayira nthambo ya Ethernet, yezani ndi nthamboyo, pakuti mukatero Wi-Fi yachoka m'nkhaniyo ndipo mwaona mphamvu yeniyeni yomwe ikulowa pakhomo. Kenako pitani kuchipinda komwe intaneti imavuta mukayezenso. Chitani zimenezi mbandakucha, mubwerezenso cha m'ma 8 koloko madzulo. Musachulutse kuyeza, poti kumadya bandulo, ndipo intaneti ikakhala yothamanga m'pamene kumadya kwambiri.

Pepalalo likuuzani zambiri. Tiyerekeze kuti pafupi ndi rauta mwapeza 20 Mbps koma kuchipinda 2 Mbps. Vuto lili m'nyumba mwanu momwemo, ndipo kuimbira foni kampani sikungathandize. Mukapeza 2 Mbps konsekonse, ngakhale mutagundana ndi rauta, musavutike ndi makoma: madzi akulowa ochepa kuchokera kumsewu. Mukapeza 20 m'mawa koma 2 madzulo muli pamalo omwewo, ndiye kuti mukulimbirana ndi anthu ena.

Pali chisokonezo china chaching'ono chomwe chimayambanitsa anthu ndi makampani popanda chifukwa. Liwiro limagulitsidwa mu Mbps, ya "b" wamng'ono, kutanthauza mabiti, pomwe foni ikamatsitsa fayilo imaonetsa MB/s, ya "B" wamkulu, kutanthauza mabayiti. Bayiti imodzi ndi mabiti 8. Choncho intaneti ya 10 Mbps ikathamanga pamapeto pake imatsitsa 1.25 MB pa sekondi, ndipo fayilo ya 100 MB imatenga masekondi 80. Munthu woona 1.2 pa foni atalipira 10 sanaberedwe. Ndipo banja silifuna manambala aakulu monga mmene otsatsa malonda amafunira kuti tiziganizira: Netflix yomwe imanena kuti 5 Mbps ikukwana kuonera filimu ya 1080p. Chimene chimasowa m'nyumba zambiri ndi intaneti yokhazikika, yosagwa mphindi iliyonse.

Vuto likakhala m'nyumba

Rauta ndi kawailesi kakang'ono, kowulutsa ndi kumvetsera. Mphamvu yake ndi yochepa zedi. M'mayiko otsatira malamulo a ku Ulaya, rauta siloledwa kupitirira mamiliwati 100 pa 2.4 GHz, kutanthauza gawo limodzi mwa magawo khumi a wati imodzi, pomwe babu wamba la LED limadya mawati asanu kapena kuposerapo. Kamphamvu kameneka kamamwazikira mbali zonse, ndipo ngakhale pabwalo popanda chotchinga chilichonse, mtunda ukawirikiza kawiri mphamvu yofika pa foni imatsala gawo limodzi mwa magawo anayi. Pamenepo tisanaike khoma ngakhale limodzi.

Timizere n'tosadalirika poyeza zimenezi, chifukwa aliyense wopanga mafoni amatijambula mwa njira yake. Muyezo weniweni ndi dBm, ndipo pa foni ya Android mungauone ndi pulogalamu yaulere monga WiFiman kapena WiFi Analyzer. Nambala yake imakhala ndi kachizindikiro kochotsera kutsogolo, ndipo ikamayandikira ziro m'pamene zinthu zili bwino. Pafupi ndi rauta mupeza cha m'ma -40. Akatswiri oyala Wi-Fi m'maofesi amakonda kutenga -67 ngati malire oti munthu aziyankhulana ndi mnzake pa vidiyo popanda kudukaduka. Pofika -80 foni imakhala ikungogwiririra. Manambalawa amanamiza maso, chifukwa sakwera ngati masitepe: kutsika ndi 3 ndiye kuti mphamvu yatsala theka, kutsika ndi 10 ndiye kuti yachepa kakhumi. Kuchoka pa -40 kufika pa -70, mphamvu yachepa ka 1,000. Yendani m'nyumba monse foni ili m'manja, mukuyang'ana nambalayo, ndipo muona ndi maso anu khoma lomwe likudya netiweki yanu.

Malangizo ambiri opezeka pa intaneti analembedwa poganizira nyumba za ku America, zomwe makoma ake am'kati ndi matabwa ndi mabolodi opyapyala. Zathu ndi za njerwa zootcha kapena mabuloko a simenti, zopakidwa pulasitala uku ndi uku. Khoma limodzi lotere mafunde amadutsa, lachiwiri amadutsa atafooka, lachitatu nthawi zambiri amathera pomwepo. Mafunde akamalowa khoma mopendekeka, njira yake m'kati mwa njerwa imatalika, moti chipinda chomwe chili chammbali chikhoza kuvutika kuposa chomwe chili patali koma moyang'anana ndi rauta. M'nyumba yosanja, silabu ya konkire yokhala ndi zitsulo m'kati ndiye chotchinga chachikulu kuposa makoma onse. Abale athu okhala m'nyumba zakale zamiyala ku Britain, kapena m'zipinda za kuseri kwa nyumba yaikulu ku South Africa komwe rauta imodzi imatumikira bwalo lonse, akulimbana ndi chinthu chomwechi.

Chitsulo chimabweza mafunde monga galasi limabwezera kuwala. Filiji, chitseko chachitsulo, kabati yachitsulo, TV yaikulu, ngakhale galasi lodziyang'anira la pa wadiropu, lomwe kumbuyo kwake kuli kachitsulo kopyapyala, zonsezi zimasiya mthunzi kuseri kwake. Madzi nawo amameza mafunde. Migolo ndi zidebe zomwe timadzadza n'kundandalika mukolido poopa tsiku lomwe mipopi idzaume zimakhala khoma lina, ndipo matupi athu omwewa, poti ndi odzala madzi, amachepetsa netiweki pabalaza pakadzadza alendo.

Tsopano taganizirani pomwe rauta imakhala m'nyumba zambiri: kuseri kwa TV, pansi pafupi ndi soketi, kapena m'kabati, itafunditsidwa kansalu koteteza fumbi. Zifukwa zake n'zomveka. Soketi ili pomwepo, ana asaigwetse, wodutsa pawindo asaione. Koma malo amenewa ndi omwe amaipha mphamvu isanayambe n'komwe ulendo. Funso lothandiza ndi ili: mukanakhala ndi nyali imodzi yokha yoti iwalitse zipinda zambiri zitseko zili zotsegula, mukanaipachika pati? Pamenepo ndi pamalo a rauta. Pamwamba, kupitirira mitu ya anthu okhala pansi ndi mipando, chapakati pa nyumba, poyera. M'nyumba zambiri malowa amapezeka mukolido, pomwe zitseko za zipinda zimayang'ana. Kashelefu kamodzi ndi ekisitenshoni ya magetsi zimachiza nyumba zambiri kuposa chipangizo chilichonse chogula.

Za maeriyo, anthu ambiri amawalozetsa kuchipinda komwe akufuna netiweki, ngati kuti mafunde amatulukira kunsonga. Satero. Amatulukira m'mbali, mozungulira, ngati nkhata yovekedwa pa ndodo, ndipo kunsonga ndiye kofooka kwambiri. M'nyumba yosasanja imikani maeriyo chilili kuti nkhatayo iyale m'zipinda. M'nyumba yosanja mukhoza kugoneka imodzi kuti ina mwa mphamvuyo ikwere kapena kutsika.

Musaiwalenso kuti kucheza n'kwa awiri. Foni iyenera kumva rauta, koma rauta nayo iyenera kumva foni, yomwe ili ndi kaeriyo kakang'ono ndipo imasunga batire. N'chifukwa chake rauta yotsatsidwa kuti ndi "yamphamvu kwambiri" imatha kudzadzitsa timizere kuchipinda chakutali koma tsamba osatseguka: mmodzi akukuwa, mnzake akunong'ona.

Marauta ambiri a masiku ano amawulutsa pawiri, pa 2.4 GHz ndi pa 5 GHz. Funde la 2.4 GHz ndi lotalika masentimita pafupifupi 12 ndi theka, la 5 GHz pafupifupi 6. Loyambalo limafika patali ndipo limapirira makoma. Lachiwirilo limanyamula zambiri koma limatopa msanga. Muli m'chipinda chimodzi ndi rauta kapena choyandikana nacho, gwiritsani 5 GHz, kutali, 2.4 GHz. Chenjerani ndi dzina: rauta ikalemba "5G" kumapeto kwa dzina la Wi-Fi, ikunena 5 GHz, osati 5G ya makampani a mafoni.

Vuto la 2.4 GHz ndi phokoso. Bungwe la FCC ku America linatsegula mafunde amenewa mu 1985 kuti aliyense azigwiritsa ntchito popanda laisensi, mayiko ena anatsatira, ndipo lero muli piringupiringu: Bluetooth ili momwemo, microwave yotenthetsera chakudya imagwira pa 2.45 GHz, ndipo zipangizo zina za USB 3.0 zimataya phokoso m'dera lomweli. Muli matchanelo 13 m'mayiko ambiri, otalikirana ndi 5 MHz, pomwe Wi-Fi iliyonse imafuna malo okwana 20 MHz. Ndiye matchanelo osapondana omwe anthu ambiri amagwiritsa ntchito ndi atatu: 1, 6 ndi 11. Wosankha 3 kapena 9 poganiza kuti wathawa anzake amangolandira phokoso la mbali zonse ziwiri. Pulogalamu ija yoyezera ikuonetsani marauta a anansi ndi matchanelo awo. Sankhani mwa atatuwo chomwe chili ndi anthu ochepa, ndipo m'lifupi mwake musiye pa 20 MHz, osati 40. Zimenezi zimasinthidwa pa tsamba la rauta, lomwe limatseguka mukalemba 192.168.0.1 kapena 192.168.1.1 pa burawuza, kapenanso 192.168.8.1 pa marauta ambiri a Huawei. Adiresi yeniyeni ndi pasiwedi yolowera zimalembedwa pa kapepala komatidwa kunsi kwa rauta. Nkhani ya matchaneloyi ndi yofunika m'mafulati, m'mahositelo a ophunzira ndi pa mapuloti a nyumba zalendi zothinana. Ngati nyumba yanu ili payokha ndipo foni ikuona Wi-Fi yanu yokha, idumpheni.

Chinthu chimene ndimaona kuti anthu ambiri sachidziwa, chikhalirecho chimafotokoza zambiri, n'chakuti pa tchanelo chimodzi zipangizo zimayankhula mosinthana. Zili ngati pabwalo la milandu kwa amfumu: aliyense amayamba wamvetsera, akaona kuti pali zii m'pamene amayankhula, ena onse n'kudikira. Foni yomwe ili kutali, pa -80, imakakamizika kuyankhula pang'onopang'ono ndi kubwerezabwereza kuti imveke, ndipo nthawi yonseyo ena akudikira. Choncho mnyamata mmodzi woonera mpira ali kuseri kwa nyumba akhoza kuchedwetsa laputopu yomwe ili pafupi ndi rauta. Zipangizo zakale zimachitanso chimodzimodzi. Wi-Fi yoyamba, ya mu 1997, inkafika 2 Mbps yokha, ya 802.11b mu 1999 inafika 11, ya 802.11g mu 2003 inafika 54. Kenako kunabwera 802.11n mu 2009, yomwe pano imatchedwa Wi-Fi 4, n'kutsatira Wi-Fi 5 ndi Wi-Fi 6. Wi-Fi 6 inachepetsako kudikiranaku polola zipangizo zingapo kugawana mpata umodzi, koma zimatheka pokhapokha rauta ndi mafoni omwe zikhale za mtundu umenewo. Nambala yolembedwa pa katoni, monga 300 Mbps, ndi ya pamalo opanda chosokoneza chilichonse. M'nyumba yeniyeni kupeza theka lake ndi mwayi.

Pabwalo lomweli pamakhalanso alendo osaitanidwa. Pasiwedi imayenda: mwapatsa mlamu wanu, iye waonetsa mnzake kachizindikiro ka QR ka pa foni yake, ndipo pakutha mwezi mafoni a kuseri kwa mpanda akudya nawo. Kugawana ndi anansi si kulakwa, ndipo mabanja ena amachita kusonkherana bandulo mwadala, koma mwini rauta ayenera kudziwa kuti akudyetsa pakamwa pangati. Tsamba la rauta limaonetsa mndandanda wa zipangizo zolumikizidwa. Mukaona zachilendo sinthani pasiwedi, ikani chitetezo pa WPA2 ya AES kapena WPA3, ndipo muzimitse WPS, yomwe kufooka kwake kunadziwika mu 2011. Chitetezo chakale cha WEP kapena TKIP, kuwonjezera pa kuthyoledwa mosavuta, chimamangirira rauta pa 54 Mbps ngakhale itakhala yokhoza kuposa pamenepo.

Rauta ya SIM khadi

M'nyumba zambiri kwathu kuno faiba sinafike, ndipo intaneti imalowa ndi rauta ya SIM khadi kapena MiFi, ya TNM kapena ya Airtel. Apa malangizo aja oti rauta ikhale pakati pa nyumba amasemphana ndi chofunika china. M'kabokosi kameneka muli mawailesi awiri. Ina imayankhula ndi mafoni anu ndipo imafuna kukhala pakati pa nyumba. Inayo imayankhula ndi nsanja yomwe ili pamtunda wa mamita mazanamazana kapena makilomita angapo, ndipo imafuna kukhala pawindo loyang'ana nsanjayo. Denga la malata, lomwe silivutitsa kwenikweni Wi-Fi ya m'nyumba, limatchinga mafunde ochokera kunja, ndipo njerwa ndi zitsulo za pawindo zimachotsaponso gawo lawo.

Ziwirizi zikakangana, ine ndimati nsanja iyambe. Zomwe zatayika pakati pa nsanja ndi rauta simungazibwezenso ndi chipangizo chilichonse cha m'nyumba, pomwe Wi-Fi yofooka ili ndi njira zoikonzera. Marauta ambiri a 4G amaonetsa pa tsamba lawo manambala awiri ofunika. RSRP imanena mphamvu ya nsanja: cha m'ma -80 ndi bwino, -100 yafooka, kutsika kupitirira -110 ndi mavuto. SINR imanena kuyera kwa mafundewo poyerekeza ndi phokoso: kupitirira 20 ndi bwino kwambiri, kuyandikira ziro n'koipa. Pa ziwirizi, SINR ndi yomwe nthawi zambiri imalamula liwiro. Tengani rauta ndi ekisitenshoni, muyende nayo windo ndi windo, paliponse mudikire mphindi ziwiri kuti ikhazikike musanawerenge. Kusuntha kwa mita imodzi yokha, kapena kuikweza pamwamba pa windo, nthawi zina kumasintha zinthu modabwitsa. Windo lopambana silikhala nthawi zonse loyang'ana nsanja yomwe mumaiona, poti mwina nsanjayo ndi ya kampani ina.

Ngati mawindo onse alephera, onani kumbuyo kwa rauta ngati kuli pomangira eriyo yapanja. Eriyo yotere, itakwezedwa pamwamba pa denga n'kulozetsedwa kunsanja, imathandiza kwambiri kumadera akutali, bola nthambo yake ikhale yaifupi chifukwa mita iliyonse imadya mphamvu. Ilipo mitundu ina ya marauta yomwe imakhala panja penipeni, n'kulandira magetsi kudzera m'nthambo ya Ethernet yomweyo yomwe imalowetsa intaneti m'nyumba. MiFi yokha musaiyembekezere zambiri. Inapangidwira m'thumba ndi paulendo, maeriyo ake ndi aang'ono, ndipo ikamakhala pa chaja usana ndi usiku batire yake imatentha mpaka kufufuma.

Nanga RSRP ikakhala yabwino koma madzulo alionse intaneti n'kumakwawa? Nsanja imodzi imagawira anthu onse a m'dera lake, ndipo nthawi yomwe aliyense waweruka n'kutsegula TikTok ndi Facebook, gawo la aliyense limachepa. Palibe chomwe mungasinthe m'nyumba kuti izi zithe. Chomwe mungachite n'kusiya zotsitsa zikuluzikulu kuti zizichitika usiku kwambiri kapena m'mawa, ndi kubwereka SIM khadi ya kampani ina n'kuyeza pa ola lovuta lomwelo musanaganize zosamuka. Magetsi akazima dera lonse, nsanja zimadalira mabatire ndi majenereta, ndipo ina ikazima anthu ake amakaunjikana pa yoyandikana nayo. Werenganinso malamulo a bandulo yanu. Mabandulo ambiri otchedwa opanda malire amakhala ndi mlingo womwe mukaupitirira liwiro limatsitsidwa dala mpaka nthawi yake itatha, ndipo munthu amatha sabata akusuntha rauta pomwe chachitika n'chimenechi.

Nthawi zina vuto limakhala kutali koti simungakuganizire. Malawi ndi Zambia ndi mayiko opanda gombe la nyanja yamchere, ndipo intaneti yathu yambiri imadzera m'mayiko oyandikana nawo kukalumikizana ndi nthambo za pansi pa nyanja. Pa 12 May 2024 nthambo za EASSy ndi SEACOM zinaduka kufupi ndi gombe la South Africa, ndipo intaneti inafooka ku Tanzania, Mozambique, Malawi ndi mayiko ena a kum'mawa kwa Africa. Tsiku lotere, kufunsa mnansi ngati nayenso zikumuvuta n'kothandiza kuposa kugwiragwira rauta. A Starlink nawo asadziyese opulumuka pa zonse: mbale imafuna thambo loyera, nthambi za mango zimaidula, mvula yamphamvu imaifooketsa, ndipo rauta yake imakumana ndi njerwa zomwe zija.

Kodi tigule chiyani?

Chipangizo chomwe ogulitsa amathamangira kukupatsani ndi extender, kabokosi kobaya pa soketi komwe kamamva rauta n'kubwereza zomwe kamva. Kali ndi zofooka ziwiri. Poti kamagwiritsa wailesi imodzi pomvera ndi pobwereza, liwiro limatsika ndi theka kapena kuposa. Chachiwiri, anthu amakabaya m'chipinda chovutacho, momwe nakonso sikamva bwino, ndiye timizere timadzadza koma intaneti ili chimodzimodzi. Malo ake ndi pakatikati pa njira, pomwe nambala ija ya dBm idakali cha m'ma -60. Mesh, yomwe ndi timarauta tiwiri kapena titatu togwirizana, ndi yabwinopo ndipo foni imasamuka yokha kuchoka pa kena kupita pa kena, koma ndi yodula, ndipo timarautato tikamalumikizana kudzera m'makoma a njerwa timavutika ngati mmene foni imavutikira.

Njira yomwe ndimaikhulupirira ndi nthambo. Nthambo ya Ethernet ya Cat5e kapena Cat6 imanyamula 1,000 Mbps mpaka mamita 100, siopa khoma, siopa phokoso la anansi, ndipo mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi mesh. Rauta ya SIM ikhale pawindo lake labwino lija, nthambo idutse mu siling'i kukafika pakati pa nyumba kapena kuchigawo chakutali, ndipo kumeneko muikeko rauta yachiwiri. Ngakhale yakale yomwe inangosungidwa m'kabati imagwira ntchitoyi: ngati ili ndi posankha kuti ikhale access point sankhani pamenepo, ngati ilibe, zimitsani DHCP yake, ipatseni adiresi yosafanana ndi ya rauta yaikulu, bayani nthambo pa bowo la LAN, ndipo muipatse dzina ndi pasiwedi zofanana ndi za inzake koma tchanelo chosiyana. TV ndi kompyuta ya patebulo, poti siziyenda, zipatseni nthambo zawo, zichoke pabwalo lija kuti mafoni apeze mpata. Mukaona kuti nthambo ikukanirira pansi pa 100 Mbps pomwe mumalipira zoposa, mwina mabowo a rauta ndi akale, kapena kawaya kamodzi mwa 8 ta m'katimo kaduka, pakuti liwiro la 1,000 limafuna tonse pomwe la 100 limayenda ndi 4.

Pokokera nthambo ku boyizikota kapena kushopu ya kumpanda, kumbukirani ziphaliwali za m'dzinja. Nthambo yolendewera pakati pa nyumba ziwiri ikhoza kutenga mphamvu ya mphezi yogwa chapafupi n'kuotcha zipangizo mbali zonse. Idutse pansi m'paipi, ndipo mvula ya mabingu ikamabwera izuleni. Ziliponso zipangizo zotumiza intaneti kudzera m'mawaya a magetsi a m'nyumba, koma kuyenda kwake kumadalira mmene nyumbayo anaiyalira mawaya, choncho gulani pokhapokha wogulitsa atavomera kuti mubweza zikakanika.

Zing'onozing'ono zina n'zosachedwa kuziona. Adaputa ya magetsi ikafooka, kapena mukabaya ya chipangizo china yosakwana mphamvu, rauta imazima n'kuyaka yokha pamene anthu achuluka. Yerekezani mavolti ndi maampu olembedwa pa adaputa ndi olembedwa kunsi kwa rauta. Kutentha kwa mu October kumafooketsanso rauta, makamaka ikakhala padzuwa la pawindo kapena itafunditsidwa nsalu. Kuizimitsa kwa theka la mphindi n'kuiyatsanso kumathandizadi, koma ngati mukuchita zimenezi tsiku ndi tsiku ndiye kuti pali china chofunika kuchipeza. Kabowo kolembedwa kuti reset musakabaye mwachisawawa, chifukwa kamafufuta zonse zomwe zinaikidwamo. Ndipo ngati chipangizo chimodzi chokha ndicho chikuchedwa pomwe zina zili bwino, rauta ilibe mlandu. Onani ngati pa foniyo sipanayatsidwe VPN.

Chomaliza n'chobisika kwambiri. Nthawi zina liwiro lotsitsira limaoneka labwino, koma mukaimba vidiyo mawu amachedwa ndipo nkhope imauma. Yang'anani mbali yotumizira. Njira yotumizira nthawi zambiri ndi yopapatiza kuposa yotsitsira, ndipo foni imodzi yomwe ikukweza mavidiyo a ukwati ku Google Photos, kapena kusunga macheza a WhatsApp, imaidzadza yonse. Zikatero mauthenga a ena onse amaima pamzere wautali m'kati mwa rauta, ndipo ping yomwe inali 50 imatha kukwera kufika mazanamazana. Vutoli analipatsa dzina loti bufferbloat katswiri wina, Jim Gettys, cha mu 2010. Speedtest ndi Fast.com zonse zimaonetsa ping ya pamene njira ili yopanda kanthu ndi ya pamene yadzadza. Zikasiyana kwambiri, mwalipeza. Uzani mafoni kuti azisunga zithunzi usiku, pa Windows ikani Wi-Fi yanu ngati metered connection kuti isamatsitse zikuluzikulu mwakachetechete, ndipo ngati rauta ili ndi QoS kapena SQM, iyatseni n'kuiuza liwiro lotsikirako pang'ono pa lomwe munayeza.

Mukayesa zonsezi n'kupeza kuti ngakhale pafupi ndi rauta, ndi nthambo, anthu onse atachokapo, liwiro likutsalira kutali ndi lomwe mumalipira, nthawi yoimbira kampani yakwana. Pepala lija likhale pafupi. M'malo mongoti netiweki yavuta, auzeni masiku ndi maola omwe munayeza, manambala a download, upload ndi ping, RSRP ndi SINR ngati ndi rauta ya SIM, dera lomwe mukukhala, ndiponso ngati anansi a kampani yomweyo akuona zofanana. Pemphani nambala ya dandaulo lanu, muilembe pamodzi ndi tsiku. Nkhaniyo ikapanda kutha, zimenezi ndi zomwe mungapite nazo ku MACRA ngati muli ku Malawi, kapena ku ZICTA ngati muli ku Zambia.